Ombwe wa Kuseri kwa Nkhokwe

Chaka chino ndataya izi. Mkazi wanga Dorika, amene ndinakhala naye zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mwana amene anali m'mimba mwake, amene sitinamuone nkhope. Nyumba imene ndinamanga ndi manja anga pamudzi pa kwawo, kufupi ndi Kaphuka, pakuti mkamwini mkazi wake akamwalira sakhalanso ndi malo. Munda wa mbatata umene tinalima awiri. Zonsezi zinapita ndi chimfine chachikulu chija, m'masabata osakwana atatu.

Anthu akhala akundifunsa kuti ndikuganizira ndani pa imfa imeneyi. Sindinayankhebe. M'malo mwake mtima wanga wakhala ukubwerera ku chitsamba china chimene ndinasamala ndili mwana, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna kulemba.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi, kapena kuposerapo pang'ono, pamene amayi anakwatiwanso. Mudzi wathu unali m'munsi mwa phiri la Chongoni, pamalo pamene mphepo ya nyengo yozizira imalowa ngakhale m'nyumba yomata bwino. Bambo anga anapita kumigodi ya kum'mwera mlongo wanga Esinati ali wakhanda, ndipo patapita zaka ziwiri kunabwera munthu ndi bulangeti lawo ndi uthenga wakuti anamwalira.

Mwamuna watsopano wa amayi anali a Chikadza, munthu wa kuchigwa, kumene kumatentha. Anadziwana ndi amayi pamene ankakwera kumapiri kuno kudzasinthanitsa nsomba zouma ndi nyemba. Anali wamtali, wowonda, wosafulumira kulankhula, ndipo kuzizira kwa kwathu kunkamuvuta kwambiri. M'mawa ankakhala pamwala atafunda bulangeti lija la bambo anga, limene amayi anawapatsa. Sanandilakwire kanthu, koma bulangetilo ndikaliona pamapewa pawo chakudya sichinkandikomera.

Anabwera ndi khasu, nkhwangwa, mphasa, ndi kachipanda kakang'ono kotseka ndi chitsononkho. Amayi ena amene anakaona ananong'onezana kuti ndi nsupa. Munali mbewu zakuda, zosalala, zazing'ono kuposa nyemba.

Mvula yoyamba itagwa, a Chikadza ananyika mbewuzo m'madzi ofunda kuyambira m'mawa kufikira m'mawa winanso, nasankha zimene zinatupa. Anazidzala kuseri kwa nkhokwe yathu, pamalo a miyala pamene ngakhale maungu ankakana, ziwiri paphando, mapando otalikirana mapazi atatu. Zitamera anazinga malowo ndi minga. Mbuzi zinkafika, kununkhiza masamba amene anatulukira pampanda, n'kubwerera osadya. Apa ndi pamene mafunso anayambira. Mpanda wa chinthu chimene mbuzi sizidya ndi wa chiyani? Anthu ankafunsana okhaokha kuchitsime ndi kumunda. Mwini wake palibe anamufunsa, ndipo iyenso, monga mkamwini, sankalankhula zimene sanafunsidwe. Anauza amayi anga okha kuti chitsambacho chimatchedwa ombwe.

Pofika nthawi yokolola, ombwe anali atandipitirira msinkhu. Masamba ake anali otuwa, a ubweya wofewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi. Maluwa anatuluka m'misonga, oyera, ena ofiirira pang'ono m'kati, ooneka ngati a nandolo koma aakulu. Mabemberezi akuda ankasonkhana pamenepo dzuwa likakwera, ndipo phokoso lawo linkamveka mpaka pakhonde. Panalibe chinthu chokongola chotero pamudzi ponse. Ndikulemba izi tsopano. Nthawi imeneyo kukongolako kunkangondiopsa.

Malume anga a Dzonzi, mchimwene wawo wa amayi, ndi amene ankayang'anira mbumba yathu. Anali amtengatenga, ankasenza katundu wa boma kutsika naye kuchigwa, ndipo anali ataona zambiri zimene ena pamudzi sanaone. Tsiku limene anabwerako ku ulendo wina anaima pampanda uja nthawi yaitali. M'mawa mwake ananditenga kuti tikadule nsungwi kuphiri.

Tili m'njira anandifotokozera kuti chitsamba chija anachiona kuchigwa. Anati anthu akumeneko amasinja masamba ake n'kuwaponya padziwe la mtsinje, ndipo chithunzithunzi cha munthu chisanasunthe, nsomba zonse zimayandama mimba zili m'mwamba, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Anati anaziona ndi maso awo, ndipo anathandiza nawo kuzitola. Kenaka anaima, nandiyang'ana.

"Munthu wabwera ndi mankhwala ophera nsomba kuphiri kopanda nsomba," anatero. "Akufuna kupha chiyani?"

Funso limenelo linakhala mwa ine ngati munga wothyokera m'phazi. Malume anati iwo amayendayenda, amayi ndi munthu wofatsa amene sangaone choipa mwa mwamuna wake, choncho wotsala m'nyumbamo ndine. Anandiuza kuti ndiziona zonse zimene a Chikadza akuchita ndi chitsambacho, n'kumakawauza. Tsiku limenelo anandipatsa chikwanje chawo kuti ndidule ndekha nsungwi. Anali asanandipatsepo. Ndinatsika phiri ndikudzimva wamkulu.

Ntchito ya ukazitape ndinaigwira bwino. Ndinapeza malo pakati pa khola la nkhuku ndi mulu wa mapesi pamene ndinkaona kuseri kwa nkhokwe osaonedwa. Ndinaona kuti a Chikadza akagwira masambawo ankasamba m'manja ndi phulusa, madziwo n'kuwathira m'kadzenje, n'kukwirira. Ndinaona kuti anasema kamtondo kakang'ono, ndipo akakagwiritsa ntchito ankakabisa pamwamba, pansi pa denga la nkhokwe, pamene mwana sangafike. Esinati atayandikira mpanda tsiku lina, anamukalipira mokweza, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu. Ndipo tsiku lina, amayi atapita ku nkhuni, ndinawaona akukwera pankhokwe ndi lichero la masamba ouma, nawawaza pakati pa chimanga chathu.

Zonsezi ndinkakanena kutsidya kwa khwawa, kumene kunali nyumba ya malume. Iwo ankangogwedeza mutu n'kunena kuti ndipitirize. Nkhuku ya agogo aang'ono inafa masiku amenewo, ndipo ine ndi malume tinayang'anana. Amayi anadwala mutu masiku awiri, ndipo ndinaleka kudya chilichonse chimene a Chikadza agwirako. Akandipatsa nzimbe ndinkalandira ndi manja awiri, n'kukaitaya kuthengo. Sindikudziwa ngati ankadziwa. Ndikuganiza kuti ankadziwa.

Kuzizira kutafika pachimake, mphere zinalowa m'mudzi monga zinkachitira chaka ndi chaka pamene ana tinkathawa madzi. Esinati, amene anali ndi zaka zinayi, zinamugwira koposa. Zinayamba pakati pa zala, kenaka m'khwapa ndi m'chiuno. Ankadzikanda mpaka magazi, ndipo amayi anachita kumukulunga manja ndi nsanza. Anayesa mafuta a nsatsi, anayesa makungwa amene agogo aang'ono anabweretsa, koma zilonda zinkangowonjezeka. Mwanayo anasiya kusewera, nayamba kuwonda.

M'mawa wina, dzuwa litangofunda, a Chikadza anathyola masamba a ombwe manja awiri odzaza. Anawasinja m'kamtondo kaja, nawathira mumphika wakale wong'aluka pakamwa, nathiramo madzi, nausiya padzuwa. Patapita nthawi anasefa ndi udzu. Madziwo anali obiriwira, a thovu, ndipo fungo lake laliwisi linandipeza pamene ndinabisala. Kenaka ndinawamva akuitana amayi kuti abwere naye mwana.

Ndinathamanga. Khwawa ndinalidumpha osayang'ana popondapo.

Malume anabwera ndi agogo aang'ono, ndipo amayi ena atatu amene anationa tikuthamanga anatitsatira. Tinapeza amayi atakhala pansi, Esinati ali pamiyendo pawo atamuvula, mphika uli pambali.

Kwathu munthu wopereka mowa kapena mankhwala amayamba walawa iye mwini pamaso pa onse. Timati kuchotsa ufiti. Palibe amakwiya nazo, ndipo ngakhale ife a mpingo, amene tinali titasiya mowa, mwambo umenewu sitinausiye. Choncho malume sanayambe ndi mkwiyo. Anapereka moni, nakhala pamwala, nati:

"Alamu, tayambani mwalawa."

"Awa si akumwa, alamu," anayankha a Chikadza. "Ndi osambitsa. Taonani."

Anamiza manja awo mumphika mpaka m'zigongono, nadzipaka m'khosi ndi pachifuwa. Malume anati khungu la munthu wamkulu silinena kanthu, mankhwala amalawidwa ndi pakamwa, ndipo chiyambire makolo athu sanamvepo za mankhwala amene mwini wake amawaopa. A Chikadza anafotokoza kuti alipo mankhwala a m'mimba ndi a pakhungu, ndipo awa akalowa m'mimba amapweteka. Agogo aang'ono anati ndiye kuti avomera okha kuti ndi chiphe. Pamenepo malume anandiitana, nandiuza kuti ndinene zonse zimene ndinaona.

Ndinaima pakati pa akuluakulu, ndipo ndinanena. Ndinanena za phulusa ndi kadzenje kokwirira. Ndinanena za kamtondo kobisa. Ndinanena za tsiku limene anakalipira Esinati. Pomaliza ndinanena za masamba a m'nkhokwe, ndipo agogo aang'ono anaika manja kumutu, nafunsa ngati ndikunena chimanga chomwechi chimene tikudya.

A Chikadza anayankha chilichonse, mosafulumira. Phulusa n'lochotsa madzi a masamba kuti asafike pa chakudya. Kamtondo amakaika pamwamba kuti ana asasinjiremo mtedza. Mpanda ndi wa ana, osati wa mbuzi. Masamba a m'nkhokwe ndi othamangitsa anankafumbwe, ndipo chimanga chimenecho nawonso akudya. Koma yankho lililonse linkangowonjezera mantha athu. Mmodzi wa amayi aja ananena chapansipansi kuti munthu wa mayankho okonzeka chonchi anawakonzeratu.

Ndiye a Chikadza anatembenukira kwa amayi.

"Naphiri, za masamba a m'nkhokwe sindinakuuzeni?"

A Chikadza anali atawauzadi. Zimenezi amayi anandiuza okha patapita zaka. Koma pamaso pawo panali mchimwene wawo, amene anatisunga bambo atamwalira, ndi mwana wawo amene anali atangopereka umboni, ndipo mwina mawu anga anali atawalowa nawonso. Anayang'ana pansi, akusisita mutu wa Esinati. Sanayankhe.

A Chikadza anadikira. Mabemberezi okha ndi amene ankamveka. Kenaka anatenga chipande, natunga mumphika, namwa katatu. Anavundikira chipandecho pansi, nakakhala pamwala wawo uja.

Dzuwa lisanafike pamutu anayamba kusanza. Anasanza mpaka m'mimba munalibenso kanthu, thukuta likutsika ngakhale kunali mphepo, miyendo ikunjenjemera. Amayi ndi malume anachita kuwanyamula kuwalowetsa m'nyumba. Anagona pamphasa masiku awiri, osalandira kanthu koma phala lamadzi.

Akuluakulu anakhutira. Anati wasanza, ndiye kuti alibe kanthu. Dzina la mwavi palibe analitchula, chifukwa mlaliki anali ataletsa, koma aliyense ankaganiza zimenezo, pakuti pa mwavi wosanza ndiye wosalakwa. Malume anabwera ndi nkhuku yopepesera, naseka nawo kuti anthu akuchigwa ali ndi mimba zofewa. A Chikadza analandira nkhukuyo ndi ulemu. Kwa mudzi wonse nkhani inathera pamenepo.

Tsiku lachitatu amayi anasinja okha masamba, a Chikadza akuwalangiza ali chigonere. Anasambitsa Esinati m'mawa ndi madzulo, akuteteza maso ndi pakamwa. Anachapanso nsalu zake ndi mphasa m'madzi omwewo, naziyanika pathanthwe. Kuyabwa kunaleka m'masiku ochepa, ndipo mwezi usanathe zilonda zinauma. Amayi a pamudzi anayamba kubwera kudzapempha masamba. Ankapempha kwa amayi, osati kwa mwini wake.

Chilango changa chinabwera a Chikadza atadzuka. Amayi anali atathyola kale chikoti cha mpichesi, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna kundikwapula chifukwa cha mlandu wanga ndi wawo womwe. A Chikadza anawaletsa. Anati maso mwanayu ali nawo, chimene akusowa ndi ntchito. Kuyambira tsiku limenelo ombwe anali wanga, ndipo ndinayenera kumusamala chaka chathunthu, iwo akundionetsa.

Ndinkayembekezera kuti andizunza nayo ntchitoyo. Sanatero. Anandiphunzitsa monga mmene munthu amaphunzitsira mwana wake. Udzu wa patsinde umazulidwa ndi manja, chifukwa khasu limavulaza mizu. M'chilimwe zitsamba zazikulu zimadzisamala zokha, koma zing'onozing'ono zimafuna chipanda chimodzi cha madzi pakapita masiku atatu, ndipo madziwo ndinkachita kukatunga kuchitsime, kumtunda n'kumtunda. Kuchitsimeko, kapena kukhwawa, sindinkaloledwa kusamba m'manja ndikagwira masamba, kapena kutsukirako kamtondo, chifukwa kumunsi kuli achule ndi nkhanu, ndipo kumunsi kwenikweni kuli anthu. Masamba osunga amayanikidwa pamthunzi, pakuti dzuwa limawachotsa mphamvu. Sapakidwa pabala lakuya, sasambitsira khanda, ndipo sapatsidwa kwa munthu amene sunamufotokozere kawiri.

Makoko a mbewu amathyoledwa m'mawa, akasanduka ofiirira ndi kuyamba kulira ukawagwedeza. Ukachedwa, dzuwa la masana limawaphulitsa, mbewu n'kumwazikana. Ubweya wa makokowo umayabwa, ndipo ndinaphunzira kusadzikanda m'maso. Tikatha kukolola mbewu tinkadula zitsambazo polekeza m'bondo, mopendeketsa kuti madzi a mvula asakhale pachitsa. Nthambi zodulazo tinakazikwirira m'mizere ya munda wa amayi, ndipo chaka chimenecho chimanga cha pamenepo chinabiriwira kuposa cha munda wonse. Anandiuzanso kuti chitsamba chikafika zaka zitatu chimatopa, ndipo munthu wanzeru amakhala atadzala kale china pambali pake.

Ndinayamba kuikonda ntchitoyo, ndipo zimenezi zinandichititsa manyazi koposa chikoti. Tsiku lina tikusenda makoko pamthunzi wa nkhokwe, ndinalimba mtima n'kufunsa ngati kusanza kuja kunaonetsadi kuti analibe mlandu. Anaseka pang'ono, nati madzi amenewo ngakhale mfiti yeniyeni ikanasanza, ngakhale galu. Ndinafunsa kuti nanga anamweranji, akudziwa kuti sizitsimikiza kanthu.

"Malume ako anali ndi ufulu wofunsa. Ana ndi awo," anatero. "Ine ndinamwa chifukwa amako sanadzutse mutu."

Tinapitiriza kusenda. Ndinafuna kupepesa, koma mawu amene anatuluka anali odziteteza. Ndinati sindinaname. Anavomera kuti sindinaname ngakhale kamodzi, ndipo anati sanaonepo mwana woona zinthu bwino chotero. Kenaka analoza ndi mlomo malo aja a pakati pa khola ndi mapesi.

"Kuchokera apo kufika pamene ndinali ine ndi mapazi khumi. Kwa malume ako ndi kutsidya kwa khwawa. Iwe unasankha kutali."

Sananenenso za nkhaniyi, tsiku limenelo kapena lina.

Ndikanakonda kulemba kuti zonse zinabwerera m'malo mwake. Sizinatero. Kuyambira tsiku la mphika lija, a Chikadza anayamba kulawa chilichonse asanapereke kwa amayi. Akabwera ndi uchi ankayamba anyambita. Akathyola masuku ankaluma limodzi pamaso pawo. Ngakhale madzi akumwa, amayi akapempha kumunda, ankamwako kaye asanawapatse chipanda. Sankachita mwamwano. Ankachita mwakachetechete, ngati munthu amene wauzidwa malo ake ndipo wawavomera. Amayi anawapempha kuti aleke. Tsiku lina ndinawaona akulira ali ndi chipanda m'manja, osamwa. A Chikadza anati ayesa, ndipo ndikukhulupirira kuti anayesadi, koma dzanja linali litazolowera.

Titakolola chaka chotsatira, anamanga nkhokwe yatsopano, nafoleranso nyumba, nakapempha malume kuti awamasule. Panalibe mkangano. Anatenga khasu, nkhwangwa ndi mphasa. Bulangeti analipinda nalisiya pakhonde. Mbewu anagawa pakati, theka nandisiyira. Ndinawaperekeza mpaka pamene njira imayamba kutsetsereka, ndipo anandikumbutsa kuti zitsamba za kumzere wakumtunda zatsala ndi chaka chimodzi. Sitinawaonenso. Amayi sanakwatiwenso, ndipo sanandinenepo kuti ndine ndinawononga banja lawo. Ombwe ndinamusamala zaka zinayi, mpaka pamene ndinachoka kupita kusukulu ya kumishoni. Mphere zinachepa pamudzi pathu, ndipo anthu ankayamika malume kuti anaonetsetsa kuti mankhwalawo ndi abwino.

Kusukulu ya aphunzitsi ndinaphunzira kuti mphere zimadza ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, ndipo matenda ali ndi njira zake zoyendera. Ndinasiya kukhulupirira za nsupa. Ndinaganiza kuti pamenepo ndachira, kuti mnyamata wobisala pamapesi uja ndinamusiya ku Chongoni. Nkhani ya a Chikadza ndinkaifotokozera ana a sukulu monga chitsanzo cha umbuli wa anthu akale.

Mkazi wanga Dorika atadwala, kunabwera mayi wina wamasiye wotchedwa a Nankhoma. Ndiwo anamulera Dorika pamsana ali wamng'ono, koma zaka zapitazi anakangana ndi apongozi anga pa malire a dimba, ndipo sankalankhulana. Anabwera ndi mtolo wa masamba wokulunga m'nsalu. Apongozi anandinong'oneza kuti mayi ameneyo asalowe. Ine ndinadziuza kuti ndikuwaletsa chifukwa cha zimene ndinaphunzira, kuti wodwala chimfine asamaunjikiridwe ndi anthu. Koma ena ndinawalola kulowa. Ndinaima pakhomo, n'kuwauza mwaulemu kuti adikire. Sindinawafunse kuti m'nsalumo muli chiyani, ngakhale fungo linkandiuza kuti ndi chanzi, masamba wamba ofukizira munthu wa chifuwa. Sindinawafunse chimene akufuna. Ndinangoyamba kuwaona. Ndinaona pamene anakhala, kumene ankayang'ana, mmene milomo yawo inkagwedezekera. Anabwera masiku atatu, m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nakhala pabwalo popanda mthunzi.

Sindikunena kuti chanzi akanamupulumutsa Dorika. Matendawa anatenga ofukizidwa ndi osafukizidwa omwe. Ndikunena chabe kuti anamwalira osamuona munthu amene anamubereka pamsana, ndipo woletsa ndinali ine.

Tsopano abale a Dorika akuti a Nankhoma ankakhala pabwalopo kudikira imfa imene anaitumiza okha. Loweruka akumana kuti andimasule monga mwa mwambo, ndipo andiuza kale kuti adzandifunsa zimene ndinaona, pakuti ndine wophunzira ndipo mawu anga anthu adzawakhulupirira. Ndikanena zimene ndinaona, sindidzanama ngakhale kamodzi. Anabwera osaitanidwa. Anali ndi mtolo. Sanapereke moni kwa apongozi anga. Milomo yawo inkagwedezeka. Ndikudziwa kumene mawu oona otere amamufikitsa munthu wopanda womuyankhira, chifukwa ndinamufikitsako kale wina.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kukayikira sikusowa bodza. Kumakhuta ndi zinthu zoona, bola munthu aime patali ndi kusafunsa. Sukulu inandichotsera mantha a ufiti, koma sinandiphunzitse kuyenda mapazi ochepa amene amakhala pakati pa ine ndi munthu amene ndikumuopa. Dzulo ndinawayenda. Ndinapita kunyumba kwa a Nankhoma, n'kuwafunsa chimene milomo yawo inkanena. Anati inali nyimbo imene ankamuimbira Dorika ali pamsana, ndipo ankaimba chapansipansi kuopa kukwiyitsa eni nyumba. Mtolo uja akadali nawo, wauma.

Loweruka sindidzanena zimene ndinaona. Ndidzanena zimene ndinamva, zimene mpaka lero sindinauze munthu, chifukwa sindinazichite. Linali tsiku lachitatu, masana, dzuwa lili pamutu. Dorika anali atasiya kulankhula kuyambira m'mawa. Ndinkamupukuta pamphumi pamene anatsegula maso n'kuyang'ana kukhomo. Ananditchula ndi dzina limene ankanditchula akafuna kundiseka. Ndinamuyankha kuti apume kaye, zimenezo ndichita pambuyo pake. Sanalankhulenso. Mawu ake anali awa:

"Aphunzitsi, a Nankhoma akadali padzuwa? Alowetseni, akhale pafupi ndi ine."